Bwato la Mkazi Wosasudzulidwa

Miyezi isanu ndi iwiri inali itatha chimwalirire Philemon, koma Kezia anali asanasudzulidwe. Ku Shikabeta imeneyi si nkhani yaing'ono. Mwamuna akamwalira, abale ake amadikira mwezi umodzi kapena iwiri, kenako amaitana mkazi wamasiye pabwalo, kumupaka ufa pamphumi, kumumanga mkanda woyera pamkono, basi wamasuka. Zimenezi zisanachitike amati mzimu wa malemu ukali pamsana pake. Sapereka moni wa m'manja, sanyamula khanda, ndipo pamene wakhala iye, mwamuna wofuna moyo sakhalapo. Mwambo wonsewo umatha ndi ufa wodzaza chikhatho chimodzi chokha. Koma ufa umenewo unali m'manja mwa Langson, mkulu wake wa Philemon, ndipo Langson ankafuna bwato.

Bwatolo linali la mbawa. Philemon analisema milungu itatu, Kezia akumukokolera zidutswa za mtengo ndi kuphikira amuna amene anadzathandiza kulikokera ku mtsinje wa Lunsemfwa. Langson pa ntchito yonseyo anaonekera tsiku limodzi lokha, tsiku la mowa. Chaka cha chilala, chimanga chitapserera chili m'mawondo, bwato lomwelo ndi limene linadyetsa banja, chifukwa nsomba ankasinthanitsa ndi chimanga kwa anthu a kumtunda. Philemon ankadziwa mtima wa mkulu wake. Chifuwa chitamupanikiza, anaitana akulu a mpingo awiri nanena pamaso pawo kuti bwato ndi la mkazi wake, amake Melody. Maliro atatha, Kezia analimanga ndi tcheni pa mkuyu wa padooko, nakoleka kiyi m'khosi.

Langson sanathe kungolitenga ngati nkhuku yosochera. Anafuna kuti mwiniwake alipereke ndi pakamwa pake, ndiye anangokhalira ufa uja. Sanalekere pomwepo. Paliponse pamene pali chipanda cha mowa ankakumbutsa anthu za kuopsa kwa mkazi wosasudzulidwa: za munthu wina amene anatupa miyendo atakhala pa mpando wa wamasiye, za wina amene anachita misala. Mayina a anthuwo sankawatchula, koma nkhani zake zinagwira. Kutchalitchi Kezia ankakhala yekha kumapeto kwa benchi. Melody, mwana wake amene ali pabanja ku Chongwe, anabereka mu Julayi, ndipo Kezia mdzukulu wakeyo anangomuona pa foni. Zimenezi zinkamupweteka kwambiri, ndipo masiku ena ankafika poganiza zongoipereka kiyiyo kuti apume.

Lachinayi lina mu Okutobala, Langson anabwera naima kumalire kwa bwalo. Mpando anaukana.

"Mulamu, mailo masana kubwera ba Evaristo ba ku Buliji," anatero. Evaristo anali wamalonda a nsomba wa ku mlatho wa Luangwa, amene anali ndi asodzi ake omugwirira ntchito. "Bafuna kugula bwato. Imwe mupase kiyi pamaso pa banthu, ine madzulo yamene ayo nikusudzulani. Mukakana tizajuba cheni na sowo, ndipo ufa muzaziuona chabe mu mbale."

"Nanga ine nizadya chani, alamu?"

"Mukazi na bwato vinayambira kuti? Mukali na thupi imwe. Muzakwatiwa, muzadya va mwamuna."

Kezia anamuyang'ana akuchoka, akulambalala ngakhale mtondo umene unali pabwalo ngati ungamulume. Chimene chinamukwiyitsa si kiyi ayi, koma funso lija. Mkazi ndi bwato zinayambira kuti? Zinayambira m'bwato lomwelo, m'mamawa uliwonse pamene Langson anali akadali mkonono. Kezia ndiye ankagwira nkhanu za nyambo, ndiye ankapalasa kumbuyo Philemon akuponya mbedza. Anthu ankati amangoperekeza mwamuna. Chimwalirire Philemon sanapondemo, poopa zomwe aliyense ankaopa. Tsopano mantha aja anachepa, mkwiyo n'kukula. Anati mumtima, ngati alitenga mawa, alitenge nditadya nsomba yake yotsiriza.

Bwato la usodzi limafuna anthu awiri, ndipo m'mudzi monse munalibe amene akanalowa naye. Choncho anapita kwa Mwaka, ofisala wamkazi wa zaulimi amene boma linamutumiza kuchokera ku Lusaka. Mwaka anali Mlozi wa ku Kalabo, wobadwira pamadzi, ndipo zaka ziwiri zimene anakhala ku Shikabeta ankangodandaula kuti mtsinje amauona ali pa honda, njinga yake yamoto. Kezia anamupeza akuchapa pakhonde.

"Ba Mwaka, muja munali kupempha bamuna banga kuti bakakutengeni pa manzi. Mukali kufuna?"

"Maningi. Liti?"

"Mailo kuseni. Koma nikuuzeni zoona, sininasudzulidwe. Bakamba kuti amene azankhala na ine mu bwato azadwala."

Mwaka anafinya chitenje pang'onopang'ono. "Kwathu vilipo ivo, siningakambe kuti siniyopa," anatero. "Koma manzi nayayewa, amake Melody. Muzanipeza pa dooko."

Dzuwa likutuluka anali atatsegula loko. Tcheni chinali chitachita dzimbiri, ndipo m'bwato munali masamba a mkuyu ndi chule mmodzi amene anatuluka monyinyirika. Kezia anaika beseni, ndowa, zingwe za mbedza zokulunga pa timitengo, ndi chibonga chophera nsomba. Kenako anaponda phazi loyamba m'bwatomo. Palibe chinachitika. Bwato linangogwedera monga limagwedera ndi munthu aliyense.

Mwaka analowa n'kuimirira chilili kutsogolo, nkhafi m'manja, monga amachitira kwawo.

"Nkhalani pansi, ba ofisala. Uno si Zambezi. Ili bwato niling'ono, muzatipasa ku ng'wena tonse babili."

"Kwathu amene apalasa ali nkhale ni odwala."

"Ndiye lelo mudwale."

Anaseka onse awiri, ndipo Kezia anadabwa kumva kuseka kwake komwe, chifukwa anali atakuiwala. Anatsika ndi madzi. Lunsemfwa ya mu Okutobala imakhala yowonda, mchenga uli mbee mbali zonse, madzi oyera moti miyala ya pansi imaoneka. Anyani ankamwa kutsidya osawalabadira. Kezia manja ake anakumbuka okha ntchito: apa pali mwala wobisala, apa upalase kumanzere, apa ungosiya madzi akutenge.

Pamene kamtsinje kena kamathira mu Lunsemfwa pali miyala yambiri ndi madzi ofika m'akakolo. Pamenepo ndi pa nkhanu. Anakokera bwato pamchenga, Kezia nayamba wayang'ana mphepete zonse ngati pali mkwekwe wa ng'ona, kenako anakwinya chitenje.

"Muimilile kumwamba kwa manzi," anamuuza Mwaka. "Mukanyamula mwala, matika yayenda kunyansi, imwe muona bwino. Mukaimilila kunyansi muzagwila chabe mu mdima."

Ananyamula mwala woyamba. Matope atapita, nkhanu inali pomwepo, zibano zili m'mwamba. Kezia anaikanikiza pamsana ndi chala chachikulu, naigwira kumbuyo kwa zibanozo, n'kuiponya mundowa. Yachiwiri anaifinya pang'ono namupatsa Mwaka kuti akhudze. Inali yofewa ngati mbatata yophika.

"Iyi yavula chikamba manje manje. Izi ndiye za nyambo, mulamba sapitilila. Zolimba ni za mu poto."

Mwaka anali ndi mapepala a ku koleji, koma nkhanu sizifunsa mapepala. Yoyamba imene anaipeza anaigwira ngati akutola bango, ndipo inamuluma chala chapakati osafuna kusiya. Anavina pamiyalapo akutukwana m'Chilozi. Kezia anamugwira mkono n'kuuviika m'madzi, nkhanu inasiya yokha n'kuthawa. Atatero anazindikira kuti wagwira munthu, khungu ndi khungu, koyamba chichokere maliro, ndipo anachotsa dzanja msanga.

"Pepani, ba Mwaka."

"Pepani ya chani? Yaniluma ni nkhanu, osati imwe."

Ndowa itafika pakati anabwerera m'bwato n'kutsikira ku dziwe limene lili pansi pa thanthwe lalikulu, pamene madzi amazungulira ali bii. Kezia anathyola zibano za nkhanu yofewa, nalowetsa mbedza pa bowo la mwendo, n'kuponya. Mwaka ankagwira bwato ndi nkhafi kuti lisatengeke.

Anadikira. Dzuwa linakwera n'kuyamba kuwotcha mabondo. Ntchentche zinapeza ndowa. Chingwe chinangoti zii pachala. Kezia anasintha nyambo kawiri, anasuntha malo, komabe osagwira kanthu. Apa mantha aja anabwerera onse. Pa dziwe limeneli iye ndi Philemon sankakhala ola lathunthu osakoka. Mwina Langson, ngakhale ndi wadyera, ankanena zoona. Mwina nsomba zamva fungo la maliro. Kumunsi mvuu inafwenthera, ndipo Kezia anayang'ana msana wa Mwaka, mwana wa eni wake, nadzifunsa kuti bwatoli likagudubuzika akawauza chiyani amayi ake ku Kalabo.

"Tibwelele," anatero motsitsa mawu.

"Chifukwa?"

"Zakana. Kapena nizoona vamene bakamba."

Mwaka sanatembenuke. "Batate banga benze kubwela chabe, opanda nsomba, masiku yambili, koma bamayi bali moyo mpaka lelo. Poseni futi."

Kezia anaponya, makamaka chifukwa cha manyazi. Pasanapite nthawi chingwe chinanjenjemera, ndipo anakoka nsomba ya nchenga yonenepa ngati mkono. Inatsatira ina, kenako yachitatu. Nsomba zinali zitangochedwa kudzuka, basi. Anasankha nkhanu yofewa yaikulu kuposa zonse naiponya pansi penipeni pa thanthwe.

Chimene chinagwira pamenepo sichinanjenjemeretse chingwe. Chinangokoka, ndipo mutu wa bwato unatembenuka. Chingwe chinadya chala cha Kezia mpaka magazi, iye nachikulunga pa nsonga ya chitenje. Mwaka anaimirira, ndipo nthawi ino Kezia sanamukhazike pansi, chifukwa mkaziyo anabzala mapazi ngati mtengo, nkhafi ikuluma madzi uku ndi uku, bwato osapendekeka. Kezia anafuna kukoka ndi mphamvu zonse kuti zithe. Koma anakumbuka zimene Philemon ankanena nthawi ngati imeneyi, kuti nsomba yaikulu sulimbana nayo, umaisiya ikoke bwato mpaka itope yokha. Anamasula pang'ono, nakoka pang'ono, namasulanso. Anazungulira dziwe lonse kawiri.

Pomaliza unatuluka mlamba wamutu ngati khasu, wautali kuyambira pansi mpaka m'chiuno mwa munthu. Kezia anaumenya ndi chibonga katatu, ndipo anaukwezera m'bwato awiriwiri. Anakhala pansi akupuma mwabefu, manja ali magazi ndi ntchofu.

"Batate bake Melody, mwaona?" ananena mokweza, osaganiza.

Kenako analira. Pamaliro analira monga mwambo umafunira, anthu akumuyang'ana. Apa analira chifukwa anamusowa mwamuna wake, ndiponso chifukwa miyezi yonseyi anthu anamuphunzitsa kuopa munthu amene sanamuopepo ali moyo. Mwaka ankatunga madzi m'bwato ndi chigubu chodula.

Ulendo wobwerera unali wolimbana ndi madzi, ndipo pa malo osaya ankatsika n'kukankha. Anafika padooko dzuwa litapendeka. Pansi pa mkuyu panali anthu oposa makumi awiri, chifukwa nkhani ya tcheni chopanda bwato inali itazungulira mudzi kuyambira m'mawa. Langson anali patsogolo, sowo yodulira chitsulo ili m'manja, yopanda choti idule. Pambali pake panaima mwamuna wamimba wovala chipewa cha nsalu, amene anali Evaristo.

"Mwaona vamene nikamba?" Langson anauza anthu mwaukali. "Mukazi uyu alibe mutu. Fumani mu bwato, mulamu. Ba Evaristo bayembekeza kuchokela masana."

Kezia anatsika. Anatulutsa beseni la nchenga ndi ndowa ya nkhanu, ndipo iye ndi Mwaka anakokera mlamba uja pamchenga. Anthu anang'ung'udza, ana akusuzumira pakati pa miyendo ya akulu. Iye anali wotopa moti analibenso mawu okangana nawo. Zimene anafuna anali atachita. Anatola chingwe cha kumutu kwa bwato nachitambasulira kwa mlamu wake.

"Tengani, alamu."

Langson anatambasula dzanja. Linafika pafupi ndi chingwe, n'kuima. Chingwecho chinali chonyowa, chili ndi magazi a chala cha Kezia. Anayang'ana m'bwato, pa thabwa limene mkaziyo anakhalapo tsiku lonse, pomwe panali pakadali chizindikiro cha thukuta lake. Dzanja lija linabwerera lokha n'kukakanda kumutu.

Evaristo anaona zimenezo. Munthu wa malonda maso ake sagona.

"Ba Langson, aba ndiye bakazi ba malemu?"

"Ni aba."

"Munabasudzula?"

Mayi wina kumbuyo anatsokomola.

"Nafunsa, munabasudzula?"

"Tizachita lelo lamene, madzulo. Ufa ulipo."

Evaristo anabwerera m'mbuyo mapazi awiri, nachotsa nsapato yake pa madzi amene ankachucha kuchokera m'bwato. "Lelo? Bankhalamo kale zuba yonse. Olo mubasudzule kakumi, banyamata banga bazamvela, ndipo kulibe amene azangenamo. Musodzi aseka vonse, koma ivi saseka. Munanichosa ku Buliji kuti nigule bokosi ya malilo?" Anavula chipewa, napereka ulemu kwa Kezia ali patali. "Pepani, mayi. Mulamba wabwino uyo." Ndipo anakwera chitunda kupita kumene anasiya honda yake.

Apa ndi pamene Kezia anamvetsa chimene chachitika, ndipo anatsala pang'ono kuseka. Sanachikonze ayi. Langson anachikonza yekha, chipanda ndi chipanda, miyezi isanu ndi iwiri, ndi nkhani zake za miyendo yotupa. Anaopseza mudzi wonse bwino kwambiri moti anadziopseza ndi iye yemwe. Tsopano panalibe mwamuna pa dooko lonselo amene akanakhudza bwatolo ngakhale ndi ndodo.

Langson nayenso anamvetsa. Nkhope inachita mdima, ndipo anaponya sowo pamchenga.

"Mwaniseketsa pa banthu," anatero. "Manje mvelani, na imwe monse munkhale mboni. Ine sinizakusudzulani. Osati lelo, osati chaka chamailo. Kulibe mwamuna azakukwatilani, kulibe azakupasani kwanja. Muzankhala na Philemon pamusana mpaka mukalowe mu manda."

Amayi ena anagwira pakamwa, chifukwa mawu otero sabwezeka. Kezia anawamva akulowa, ndipo anadziwa kuti ndi oona: benchi lija lidzakhala lopanda anthu, moni udzakhala wa patali, mwina mpaka imvi. Zinamuwawa. Koma atafufuza mumtima kuti apeze mantha amene Langson ankayembekeza, sanawapeze.

"Alamu," anatero, osakweza mawu, "Philemon ninankhala naye zaka twente-thu. Sananimenyepo, sananigonekepo na njala. Lelo nenze naye pa manzi zuba yonse, ndipo mwaona mweka vamene tabwela navo. Imwe ndimwe mumuyopa, mufana wanu. Ine sanilema. Musiyeni pamene ali."

Kezia anamanga bwato lake pa mkuyu. Mwaka anamuthandiza kupinda mlamba m'beseni ndi kumusenzetsa pamutu, kenako Mwakayo anatenga ndowa ya nkhanu. Madzi a nsomba ankatsikira m'khosi mwa Kezia, koma anakwera chitunda osaima.